Chingwe cha a Madamu Khembo

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Madamu Khembo, ndipo ndikuona kuti palibe amene akufuna kunenapo kanthu. Kusukulu kuli zii. Kutchalitchi anawatchula pa Misa pamodzi ndi mayina ena ambirimbiri, anthu akusuzumira panja kuona ngati mvula ikubwera. Ndiye ndati ndilembe ine, ngakhale kuti m'Bangwe monse palibe munthu amene anakangana nawo kuposa ine. Akanakhala moyo bwenzi akundifunsa kuti wandituma ndani.

Amene munkadutsa pa sukulu ya pulaimale ya kumtunda kwa msika zaka zimenezo simungawaiwale. Mayi wamfupi, wakuda bii, wa ku Nsanje, ataima pageti m'mawa uliwonse manja ali m'chiuno. Ankavala nsapato zaraba zachimuna ndi juzi yofiirira imene sankavula ngakhale mu Okutobala, tonsefe tikuchucha thukuta. Ankati ku Blantyre kuno kulibe dzuwa, ofuna kulidziwa dzuwa atsike nawo kwawo akaone. M'thumba la juziyo munkakhala malambe. Tsiku lonse ankangomung'unya n'kumaponya njere zake m'kachitini, ndipo njere zimenezo, akazitsuka, ndi zomwe ana athu ankaphunzirira kuwerenga.

Anali mphunzitsi wa kalasi yapadera, imene aphunzitsi anzawo ankaitchula kuti risosi, pamene anthu a m'dera lathu ankangoti kalasi ya ana aja. Ana ajawo ndiye athuwa: osayenda, osalankhula, akugwa khunyu, ochucha dovu, ena zonsezi pamodzi. Wanga ndi Limbani. Anachedwa kulira tsiku lobadwa, ndipo kuchipatala anandiuza kuti ubongo wake unavulala. Miyendo yake ndi youma, dzanja lamanzere ndi lopindika, ndipo zimene amalankhula amazimva okhawo amene anamuzolowera.

Ndinapita naye kusukuluko ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, nditamubereka monga mwa masiku onse. Anali atakula ndithu, zidendene zake zinkandigunda m'ntchafu ndikamayenda. Nditangoponda pageti ndinamva mawu.

"Mutsitseni mwanayo."

Ndinacheuka kuti ndione amene akuuzidwa. Panalibe wina.

"Madamu, sayenda uyu."

"Ndaona kuti sayenda, maso ndili nawo. Mutsitseni."

"Ndingomufikitsa pakhomo paja basi. Ndili bize, geni ndasiyira anthu kumsika."

"Nkhabe."

Mawu amenewo ndi a Chisena, ndiye ayi wa kwawo. Chichewa ankachilankhula bwinobwino, koma akafuna kukana moti nkhani ithere pomwepo ankabwerera ku chilankhulo cha amayi awo. Sukulu yonse, ndi aphunzitsi omwe, kumbali ankawatchula kuti a Nkhabe.

Kuchokera pageti kukafika pakhomo la kalasi yawo panali chingwe cha khonje, chomangidwa pa nsanamira za bulugama, chokwera mpaka pachifuwa pa mwana. Mtunda wake si wautali, munthu wa miyendo yabwino amaudutsa asanamalize kupereka moni. Lamulo la a Madamu linali lakuti msana wa mayi umathera pageti. Kuchoka pamenepo mwana aziyenda yekha mmene angathere. Wotha kuima agwire chingwe, wosatha kuima akwawe, wa pa njinga ya olumala adzikoke ndi chingwe chomwecho. Ngakhale amene sankatha chilichonse ankamugwiritsa chingwecho kaye n'kudikira kuti zala zake zifumbate, kenako iwo n'kumunyamula m'khwapa, mapazi ake akukhudza pansi.

Tsiku loyambalo Limbani anakhala pafumbi n'kuyamba kulira akundiyang'ana. Ana a makalasi ena anatizungulira ngati kwabwera gule.  A Madamu anagwada, n'kutenga dzanja lake labwino kuliika pachingwe. Belu linalira, anzake onse analowa, ndipo iye anali atangodzikhwekhwereza mpaka pa nsanamira yoyamba. Kabudula amene ndinamugulira kuti ayambire sukulu anang'ambika tsiku lomwelo. Ndinawauza kumaso kuti ndi munthu wopanda chifundo ndipo sadzandionanso. Iwo anangoti mawa ndisachedwe, ndiponso kabudulayo ndimusokerere chigamba cha chubu cha njinga kumatako. Ndinabwerera, osati chifukwa chowakhulupirira ayi, koma kunalibe kwina kopita naye.

Anthu osadziwa amaganiza kuti timabereka ana akuluakulu otere chifukwa cha chikondi chokha. Chikondi chilipo, koma palinso changu, chifukwa mwana wa kumsana sakuchedwetsa. Palinso maso a anthu. Mwana akakhala kumsana, nsalu itamuphimba mpaka m'khosi, anthu amangoti akudwala n'kudutsa. Akakhala pansi akukwawa, msewu wonse umaima. A Madamu zonsezi ankazidziwa ndipo sankatinyengerera. Ankatiuza kuti misana yathuyi idzatopa ana athu akadali ndi zaka zambiri zokhala ndi moyo, ndipo tsiku limenelo sipadzapezeka mlamu kapena mlongo wovomera kubereka munthu wandevu. Ine ndinkawayankha kuti iwo alibe mwana wotere, ndiye kulankhula n'kosavuta.

Anandiyankha patapita nthawi yaitali, tsiku lina akuwenga zikhadabo za mwana wina pakhonde, osandiyang'ana n'komwe. Anati kwawo anali ndi mlongo wawo wamng'ono wosayenda, amene amayi awo anamubereka mpaka anamera ndevu. Amayiwo atamwalira anamuika m'kanyumba ka kuseri, ndipo kunja sanatulukenso. Anafotokoza ngati akunena za mtengo wa tomato, kenako n'kundiuza kuti ndiwapatsire sopo. Nkhani imeneyo sanaibwerezenso.

Kalasi yawo kale inali sitolo yosungiramo makasu ndi matsache, kuseri kwa mdadada wa Sitandade 1. Munalibe desiki ngakhale imodzi. Munali mikeka, matayala akale okhalira ana osatha kukhala tsonga, ndowa, sopo, ndi masupuni amene anawakulunga mphira kuchigwiriro kuti dzanja lopindika lithe kugwira. Mmenemo mwana ankatha teremu yonse akuphunzira kufikitsa kapu ya phala pakamwa osataya. Wosalankhula ankaphunzira kumenya chitini akafuna kuchimbudzi, ndipo chitini chikalira a Madamu ankasiya chilichonse, ngakhale akulankhula ndi ahedi, n'kuthamanga naye. Wina akadziipitsira ankamusambitsa okha, n'kuchapa zovala zake, n'kuyanika pa mpanda wa kuseri. Pachingwe chija sankalola kuti payanikidwe kanthu. Mkazi wa mphunzitsi wina wokhala m'nyumba za pasukulu anayanikapo mashiti Loweruka n'kuiwala kuchotsa, ndipo Lolemba anawapeza ataunjikidwa pafumbi. Sanapatsanenso moni mpaka anasamuka.

Chimene chimandipweteka ndikamakumbukira n'chakuti zaka zonsezo anali okha. Ana anadzaza chipinda, aliyense ndi vuto lake, wina akugwa, wina akudziluma dzanja, wina akuthawira kumsewu, mphunzitsi mmodzi. Chaka chilichonse ankauzidwa kuti wothandizira akubwera. Nthawi ya mayeso a Sitandade 8 chipinda chawo ndicho chinkayamba kulandidwa kuti oyang'anira mayeso azidyeramo, ana athu n'kuuzidwa kuti akakhale kaye kunyumba. Pobwerera, amene anaphunzira kumenya chitini anali ataiwala, ntchito n'kuyambiranso pachiyambi. Pamisonkhano ahedi ankati "ana anu aja, Madamu," ngati kuti anabwera nawo pa basi kuchokera ku Nsanje.

Ndiye panali akuba chingwe. Anthu a ku Bangwe, Mulungu atikhululukire, tinaba chingwe chimenecho kambirimbiri. Wina anakamangira mbuzi, wina matumba a makala panjinga, ana a makalasi ena anadulako zodumphira. A Madamu atatopa anakapempha oyilo wakuda kugalaja n'kuchipaka chonse kuti pasakhale wochisirira. Akuba anasiyadi, koma ana athu ankabwera kunyumba manja ali bii, n'kupukutira pa yunifomu, pa makoma, pa nkhope zathu. Tinapita gulu kukadandaula. Anatimvetsera mpaka tinamaliza, n'kutifunsa ngati pali wina amene akudzipereka kumagona pageti kulondera chingwe choyera. Tinabalalika tikung'ung'udza.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo chifukwa choti anamwalira. Panali mnzanga, Abiti Saidi, wa kufupi ndi mzikiti, amene mwana wake Asiyatu ankagwa khunyu kuwonjezera pa kufooka kwa miyendo. M'mawa wina matendawo anamugwira ali pachingwe, anagwa n'kutemeka pachipumi ndi mwala, magazi mpango wonse. Patapita masiku mayi ake anabwera naye atamubereka, bala lisanapole bwino, mtima uli m'mwamba. A Madamu anawalandira ndi mawu omwe aja, akuti mutsitseni. Abiti Saidi anawayang'ana, n'kutembenuka, ndipo sanapondenso pasukulupo. A Madamu anapita kunyumba kwawo kangapo konse, anakhala pakhonde, analongosola za kuika mchenga m'njira ndi kumuveka mwanayo chipewa chansanza, koma mawu akuti pepani sanatuluke m'kamwa mwawo. Pamenepo analakwa, ndipo ndikunena ngakhale ali m'manda. Tsiku limodzi lokha akanalola mwana uja kulowa ali kumsana, bwenzi atabweranso mawa lake. Asiyatu lero ndi mayi wamkulu, ndipo amene amamuona ndi okhawo olowa m'nyumba mwawo.

Ine ndi iwo tinkakangana pa chilichonse. Akamva kuti kunyumba ndikumudyetsa Limbani ndi dzanja langa, ankandiyalutsa pamaso pa azimayi anzanga. Nditamutengera kwa mneneri wina ku Machinjiri n'kujombetsa sabata yathunthu, anandiuza kuti kupemphera ndipemphere mmene ndingathere, iwonso amapemphera, koma Mulungu akafuna kumuyendetsa mwanayu adzamupeze ali pachingwe. Ndinawatchula mayina amene sindingalembe pano. Iwo ankangotulutsa lambe m'thumba n'kuponya m'kamwa.

Atapuma ntchito anapitirizabe kubwera kwa kanthawi chifukwa wolowa m'malo mwawo sankaoneka. Kenako kunabwera mtsikana wina wophunzira bwino za ana otere, waulemu, wodekha, ndipo tinati zayenda. Sipanapite nthawi, mphunzitsi wa Sitandade 3 anasamutsidwa, ndipo ahedi atsopano anati ana ochuluka chotero sangakhale opanda mphunzitsi chifukwa cha ana ochepa a ku risosi. Anamutenga mtsikana uja, akuti kwa teremu imodzi yokha. Nthawi imeneyo a Madamu shuga anali atawagwira, mwendo umodzi utatupa. Ndinakawaona ku Namiyango komwe ankachita lendi, ndipo ndinapeza chingwe chitamangidwa kuchokera pa zitsulo za windo la kuchipinda mpaka pachitseko cha panja. Mdzukulu wawo amene ankawasamala anandinong'oneza kuti akafuna kuwanyamula amamukalipira. Iwo anandiona ndikuyang'ana chingwecho.

"Mwaona chachilendo, amake Limbani? Khalani pansi. Akudya yekha?"

"Akudya yekha, Madamu."

"Musandinamize ine."

"Shuwa, akudya yekha. Kuchimbudzinso yekha."

"Nanga kalasi?"

Ndinawanamiza kuti ikuyenda. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo ndikudziwa kuti sanakhulupirire. Maliro awo ananyamulidwa pa lole kupita ku Nsanje, ndipo ochokera kusukulu amene anabwera kudzaperekeza akanakwana pa benchi imodzi.

Koma tsiku limene ndimawaona nalo ndikatseka maso ndi la alendo, kale zonsezi zisanachitike, Asiyatu asanagwe. Limbani anali atatha zaka zitatu pachingwe. Anali atasiya kukwawa, ankaimirira n'kumakoka mwendo umodzi, kenako unzake, koma pakhomo anali asanafikepo ndi miyendo yake. Ankathera panjira, mawondo n'kugonja, a Madamu n'kumumalizitsa atamugwira m'khwapa. Ine ndinali nditayamba kuvomereza mumtima kuti pamenepo ndiye pothera pake.

Kunamveka kuti kukubwera alendo a bungwe lina lothandiza, pamodzi ndi akuluakulu a zamaphunziro, kudzaona kalasi ya ana athu. Mukudziwa mmene timachitira kukamabwera alendo. Ana anasesa mpaka kumsewu, miyala yonse ya m'mbali mwa njira inapakidwa laimu, mitengo inavekedwa zoyera mpaka m'chiuno. Nsanamira za a Madamu nazonso anazipaka laimu, koma chingwe cha oyilo chija ahedi analamula kuti chidulidwe madzulo a Madamu ataweruka, akuti chikuonetsa sukulu ngati khola. Ife azimayi anatitumizira uthenga kuti tilawirire, ana tiwaveke bwino, tiwalowetse m'kalasi ali kumsana n'kuwakhazika pamikeka, kuti alendo adzawapeze ali aukhondo akuomba m'manja. Kunena zoona tinasangalala. Tinati lero lokha tipume ku fumbi.

Tinapeza a Madamu ali pageti, juzi ili m'thupi, akuyang'ana nsanamira zoyera zopanda kanthu. Ahedi anali pambali pawo atavala suti, akupukuta thukuta kum'mawa komwe.

"Madamu, pliizi, lero lokha. Alendo anyamuka kale ku Limbe. Ana alowe fasiti, akakhale pansi."

"Alendowo akudzaona chiyani, ahedi?"

"Akudzaona mmene ana amaphunzirira."

"Ndiye phunziro loyamba limachitikira pano."

"Chingwe palibe, Madamu, mukuona nokha. Musandichititse manyazi pamaso pa mabwana."

"Nkhabe."

Atatero anamasula chitenje chimene anamanga pamwamba pa diresi, n'kuchipota, n'kumangirira nsonga yake pa nsanamira yoyamba. Kenako anatitembenukira. Tinaima ngati sitikumva, aliyense mwana ali kumsana. Woyamba kusuntha anali Abiti Saidi. Anagwada, n'kumutsitsa Asiyatu, n'kupereka nsalu imene anamuberekera. A Madamu anailumikiza ku yawo ija ndi mfundo yaikulu. Wina anatsitsa wake, winanso wake. Yanga inali yatsopano, ndinaivala dala chifukwa cha alendo, ndipo ndinaipereka ndikutukwana chamumtima. Nsalu zoberekera ana zija zinasanduka chingwe cha mitundumitundu, ndipo poti sichikanakungika bwino pa nsanamira, azimayi tinaima m'mbali n'kuchigwira kuti chisagwe pansi.

Ana anayamba ulendo wawo wa masiku onse, wokwawa akukwawa, wa panjinga akudzikoka. Ndiye galimoto za alendo zinafika. Geti la sukulu ija ndi limodzi, ndipo ana anali atadzaza njira. Dalaivala wa kutsogolo analiza hutala. Ahedi anathamangira kugalimoto, n'kubwerera kwa a Madamu, n'kuthamangiranso kugalimoto, osadziwa woti amupepese. Kwaya imene inakonzedwa kuti ilandire alendo inayamba nyimbo n'kuisiyira panjira. A Madamu sanacheuke n'kamodzi komwe. Anali atawerama pambali pa Limbani, amene anali womalizira pamzere.

Chimene sitinachiganizire n'chakuti mfundo zija zinamuthandiza. Pachingwe cha oyilo dzanja lake linkaterereka likatopa, koma apa linkafika pa mfundo n'kupumirapo. Anadutsa pamene ankathera masiku onse. Anadutsa nsanamira yotsatira. Dovu linali litanyowetsa shati yonse, miyendo ikunjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi wongobadwa kumene, koma sanagwe. Kenako nsalu zinatha. Sizinakwane kufika pakhomo, panatsala kamtunda kochepa, kotalika ngati mkeka. Limbani anaima atagwira nsonga ya nsalu yomaliza, imene ndinaigwirira ndine, n'kumayang'ana chitseko.  Thupi langa linayamba lokha kuwerama kuti ndimutenge.

"Amake Limbani," anatero a Madamu motsitsa mawu, "manja kumbuyo."

Ndinawamvera, ndipo mpaka lero sindidziwa chifukwa chake. Mwana wanga anasiya nsalu ija. Anapepesuka, anaponya mwendo, anaponya unzake, n'kukagunda mphuthu ya chitseko ndi chifuwa n'kuikumbatira. Anaima pamenepo akuseka kuseka kwake kwa phokoso kuja. Ine ndinakhala pansi pafumbi ndikulira ngati pamaliro. A Madamu anatulutsa kansalu m'thumba, n'kumupukuta pachibwano.

"Wachedwa," anamuuza. "Lowa."

Mukanaganiza kuti zinthu zinasintha kuchokera tsiku limenelo. Alendo anatsika m'galimoto, anaomba m'manja, anajambula zithunzi, mayi wina wa m'gulu lawo analira nafe. Pa zolankhula a Madamu sanapatsidwe mpata, ndipo ahedi sanawalankhule teremu yonse. Alendowo analonjeza kuti akonza njira ya ana. Patapita miyezi kunabwera mmisiri ndi matumba a simenti n'kumanga pakhomo la kalasi chokwerera chotsetsereka, chimene amati rampu, osawafunsa a Madamu ngakhale liwu limodzi. Chinatuluka chitaima njo ngati chulu. Njinga ya olumala sinkakwera pokhapokha anthu awiri akankhe, ndipo ana a makalasi ena anachisandutsa chotsetserekerapo atakhalira zigubu zodula. Limbani, amene anali atangophunzira kufika pakhomo, anayenera kuyambanso kuphunzira kukwera chimenecho, ndipo zinamutengera chaka china. Chingwe china anakachipeza a Madamu okha. Chokhacho chimene chinasintha n'chakuti kuyambira pamenepo ankachimanga mfundo m'litali mwake monse.

Msana wanga unatha, monga ananenera. Masiku ano ngakhale ndowa yamadzi sinditha kuitukula, ndipo ndikagona pansi podzuka ndimachita kugwira khoma. Limbani ndi bambo wandevu. Amayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono, mwendo umodzi ukukhwekhwereza, ndipo anthu amamuyang'anabe. Koma amadzuka yekha, amapita kuchimbudzi yekha, ndikamutuma mchere paokala ya pafupi amakabwera nawo. Ndikadzafa sadzamuika m'kanyumba ka kuseri. Chimenecho anandisiyira mayi amene ndinamutukwana kwa zaka zambiri, ndipo zimandikwiyitsa kuti ndilibe woti ndimuuze.

Sabata yatha Limbani anaumirira kuti tipite kusukulu kuja. Nsanamira zambiri anazula, ndikumva kuti zinathera pamoto wophikira phala. Zatsala ziwiri, zopendekeka, ndipo pa imodzi pakadali kachidutswa ka chingwe chakuda kamene kanakanika kumasuka. Pamene panali zinazo pali timayenje todzaza mapepala a maswiti. Rampu ija ilipo, yosalala chifukwa cha zigubu. Pachitseko pali loko wamkulu. Ndinasuzumira pawindo n'kuona matumba a ufa wa phala ataunjikidwa mpaka kudenga, madesiki othyoka, ndi tayala limodzi lakale pakona. Teremu imodzi ya mtsikana uja sinathebe.

Titabwerera pageti, Limbani anandisiya pamenepo. Anayenda yekha njira yonse ija popanda chogwira, anakwera rampu, n'kuyamba kugogoda.

Ndili chiimire pamenepo panafika mayi wina wachitsikana, wachilendo m'dera lino, atabereka mwana wamkazi wamkulu ndithu, mapazi ake akulendewera mpaka m'mawondo mwa mayiyo. Anafunsa mlonda ngati pano ndi pamene pali kalasi ya ana osayenda, akuti anamva kumsika.

"Inatsekedwa kalekale imeneyo, mayi," anatero mlonda. "Aphunzitsi ake kulibe."

Mawu aja anafika okha pakamwa panga, ndinatsala pang'ono kumuuza kuti amutsitse. Koma amutsitse kuti apite kuti? Mayiyo anawerama, anamukankhira mwana wake m'mwamba, anamangitsa nsalu pachifuwa, n'kubwerera njira imene anadzera. Kuseri kwa Sitandade 1 Limbani anali akugogodabe, akudikira kuti wina amuuze kuti wachedwa.